Zala Zodyedwa ndi Simenti

Pa saiti ankamutchula kuti Levulo, dzina la kachida koyezera kuwongoka kwa khoma. Dzinali linabwera chifukwa khoma likangopendama pang'ono, iye ankaligumula n'kuyambiranso, mwini nyumba ali pomwepo akulirira simenti wake. Anali mmisiri womanga nyumba ndi kupaka pulasitala, munthu wamfupi, wamapewa otambalala, zaka zake zitadutsako makumi anayi. Ankakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri pamodzi ndi mkazi wake, yemwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndi mwana wawo wamkazi wa ku sekondale. Nyumba za eni anamanga zambirimbiri, koma yake inali ikadali m'mutu.

Nkhani zopita kunja sankazifuna n'komwe. Mng'ono wake adapita kalekale, atabisala pansi pa tenti ya lole pamodzi ndi anyamata ena. Adaimba foni kamodzi kokha kunena kuti awoloka malire achiwiri ndipo zonse zili bwino, kenako kunangoti zii. Levulo adatenga pasipoti kuti akamufune. Anafunsa m'mapolisi ndi m'zipatala za kumalire, nabwerako chimanjamanja. Kuyambira pamenepo, anzake akayamba zokamba za kunja, iye ankangoti, "Ine ndikadzapita ndidzatulukira pakhomo, masana, anthu akuona. Pawindo amatulukira ndi akuba."

Chaka china mvula itangosiya, pa wailesi analengeza kuti boma lagwirizana ndi dziko lina lomwe likusowa amisiri omanga. Ntchito yake inali ya zaka zitatu, ya chilolezo chenicheni, malo ogona akupatsa ndi kampani, ndipo munthu akakhazikika ankatha kuitanitsa banja lake. Panalibe ejenti, panalibe zopereka kangachepe. Kunali kungolembetsa ku ofesi ya zantchito n'kukayesedwa.

Mkazi wake anaimitsa kaye kusesa. "Mwamva, abambo? Nanga si khomo lanu lija limeneli?"

Levulo anapita kukalembetsa, ndipo anatengana ndi mlamu wake, mlongo wamng'ono wa mkazi wakeyo. Mlamuyu anali atagwira ntchito pansi pa Levulo kwa zaka zochepa. Anali munthu wansangala, wa pakamwa posauma, wongokwatira kumene ndipo mkazi wake anali woyembekezera. Simenti sankamugwira popanda magolovesi. Ankati, "Alamu, manja okhakhala ngati anuwo, ine kwathu angandithamangitse."

Tsiku loyesedwa, anthu awiri ochokera ku kampani ya kunjako anauza aliyense kuti amange kona n'kuipaka pulasitala. Atafika pa kona ya Levulo, mmodzi anayendetsa chikhatho pakhomapo, n'kulankhula ndi womasulira. Womasulirayo anaseka. "Akuti munali kuti masiku onsewa?" Levulo anatengedwa. Mlamu wake anamuika m'gulu la odikira, oti angalowe pokhapokha wina akalephera kupita.

Zinthu zinayenda bwino poyamba. Kuchipatala anamuunika chifuwa, anamuyeza magazi, namupeza ali bwinobwino. Loweruka lililonse ankapita ku kalasi yophunzira chilankhulo cha kumeneko, mawu opatsana moni ndi mawu ochenjezana pa ntchito. Pobwerako mwana wake ankamufunsa mawuwo mmodzimmodzi, akumagubuduka ndi phwete bambo ake akalimba lilime. Chomwe chinatsala chinali chimodzi chokha, kukadinda zala ku ofesi ya ma viza.

Ofesiyo inali pamwamba pa nyumba yosanjikizana, chipinda chozizira cha mipando yolumikizana ngati ya kuchipatala. Mafoni ankasiya pakhomo kwa mlonda. Nambala yake itaitanidwa, Levulo anapita pawindo pomwe panali mayi wina wa magalasi, wa nkhope yofatsa. Pambali pake panali kamakina kokhala ndi galasi lowala pamwamba.

"Ikani zala zinayi za kumanja pagalasipo, bambo. Musakanikize kwambiri."

Anaika. Kanyali kofiira kanayaka, makinawo n'kulira ngati mwanapiye.

"Tayesaninso."

Kanayakanso kofiira. Mayiyo anapukuta galasi ndi kansalu. Anamuuza kuti apake zalazo pachipumi kuti zitengeko mafuta, kenako kuti aziuzire mpweya, kenako kuti ayese dzanja lamanzere. Anthu a pamipando anayamba kusuntha matako. Potsiriza mayiyo anati, "Tandionetsani manja anu."

Levulo anatambasula zikhatho pansi pa windo. Mayiyo anaziyang'anitsitsa. Nsonga za zala zinali zosalala, zonyezimira ngati mpando wa njinga yakale, ndipo mwina ndi mwina munali ming'alu yoyera.

"Zala zanu zilibe mizere, bambo. Mumagwira ntchito yanji?"

"Yomwe akundiitanirayo, mayi. Ndimamanga."

"Ndi simenti ameneyu. Wadya zonse."

"Nanga inki palibe? Potenga pasipoti tidadinda ndi inki."

"Za inki zidatha. Makina akapanda kuvomera, ine sindingatumize kalikonse." Anatsitsa mawu. "Mizere imamera, musade nkhawa. Musiye kaye kugwira simenti, sopo waukali, chilichonse chokhakhala. Muzidzola mafuta. Ndikupatsani tsiku lina, koma malo alipo ndi a miyezi iwiri kutsogolo."

Bambo wina wa pampando wakutsogolo anati, "Muyeseni zakumapazi, mwina zili bwino!" Chipinda chonse chinaseka, Levulo naye anamwetulira chifukwa cha manyazi. Potsika masitepe ankangoyang'ana manja ake ngati a munthu wina.

Kunyumba mkazi wake anagwira zalazo n'kuzitembenuzatembenuza pafupi ndi zenera. "Zaka zonsezi ndakhala nanu, ine osaona kuti mulibe zidindo. Ndiye mukanaba bwenzi apolisi akusowa pogwira."

"Zoseka zimenezo?"

"Nanga ndilire? Miyezi iwiri si chaka. Makina anga osokera alipo, tidya zomwezo. Inu khalani pansi, mumeretse zalazo."

Nthawi imeneyo Levulo anali pakati pa ntchito yomanga nyumba ya mphunzitsi wina wopuma. Makoma anali atafika pa lintala. Anapita kukafotokoza, mphunzitsiyo anadandaula, koma anavomera kuti mlamu uja apitirize, Levulo azingobwera kudzaona ndi maso.

Kukhala pansi kunamuvuta kuposa kunyamula njerwa. M'mawa ankadzuka nthawi yake yakale, n'kukumbukira kuti alibe kopita. Mkazi wake ankamupaka mafuta odzola chala chimodzichimodzi, n'kumuveka sokosi zakale za mwana m'manja kuti mafutawo alowerere. Mbale sankatsuka, madzi sankatunga, ngakhale chingwe cha nsapato ankamumangira ndi mwana. Ankakhala pakhonde manja ali pamaondo, anthu akudutsa kupita ku ntchito.

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo ankati akamuona, "Mwadzuka bwanji akwatibwi? Ukwati ndi liti?" Amuna a pabwalo la mpira anamupatsa dzina latsopano loti Sokosi. Iye ankangoti, "Sekani. Ndikadzakutumizirani zithunzi mudzasiya."

Tsiku lachiwiri lopita ku ofesi kuja litakwana, makina anavomera zala zingapo. Zala zazikulu zonse ziwiri ndi za mkombaphala zinakana.

"Zikubwera, bambo," anatero mayi wa magalasi uja. "Onani, mizere yayamba kuoneka. Koma makina amafuna zonse." Anayang'ana pa kompyuta, nkhope yake n'kusintha pang'ono. "Komanso zotsatira zanu za kuchipatala zitha mphamvu tsiku lanu lotsatira lisanafike. Mukayezetsenso."

Anakayezetsanso. Ulendo uno dokotala anapeza kuti magazi ake akuthamanga. Anamufunsa ngati ali ndi nkhawa ina iliyonse. Levulo anaseka kuseka kopanda mano. Anamupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti abwerenso magaziwo akatsika, apo ayi sasaina.

Ali m'kati modikira, mphunzitsi wopuma uja anafika pakhomo dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, osalonjera n'komwe.

"A Levulo, ine ndidapereka nyumba yanga kwa inu, osati kwa mlamu wanu. Tiyeni mukaone."

Levulo anali atatha milungu ingapo osapitako, chifukwa fungo la simenti wonyowa linkamuyabwitsa manja. Atafika anangoima kukamwa kuli yasa. Pulasitala wa pabalaza anali atafufuma ngati mimba ya chule, ndipo pogogoda ankalira ngati chigubu chopanda kanthu. Kona ya chipinda chogona inali itatsamira kunja. Mlamu wake anaima poteropo akukanda m'mutu.

"Alamu, mchenga wake ndi woipa."

"Mchenga? Khoma unalinyowetsa usanapake?"

"Ndinawaza pang'ono."

"Chingwe unakoka?"

Mlamuyo anayang'ana pansi.

Mphunzitsiyo anati, "Anthu akudutsa pamsewu akumafunsa kuti wamanga ndani. Ine ndikumawauza kuti a Levulo. Ndiziti bwanji?"

Levulo akanatha kuima patali n'kumalozera. Anayesa kutero tsiku loyamba, koma poona mmene mlamu wake ankaponyera matope pakhoma, mtima unamukana. Anabwereka magolovesi a mlamuyo n'kukwera pa thabwa. Anagwira ntchito sabata yathunthu, kugumula, kumanga, kupaka. Magolovesiwo anali obooka kunsonga. Madzi a simenti ankalowa, n'kusakanikirana ndi thukuta, n'kukhala momwemo tsiku lonse. Khungu latsopano lija linali lanthete ngati la khanda. Pomwe nyumba inkawongoka, zala zake zinali zitasupuka, zofiira, zina zikutuluka madzi.

Mkazi wake anaziona. Anatenga botolo la mafuta lija n'kuliika pamwamba pa kabati, n'kutuluka panja. Anabwera patapita nthawi, maso ali ofiira.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikupalasa makina mpaka miyendo kutupa. Mwana akupita ku sukulu ndi nsapato yong'ambika, ine wosoka ndili pompano. Inu mwakatentha zala chifukwa cha khoma la eni?"

"Ndi dzina langa linali pakhomapo."

"Dzina! Dzinalo alidinda pa viza?"

"Ndi mlongo wako adaononga."

"Ndiye mukanamusiya aononge! Mukanakhala kunja bwenzi mukubwerera kudzakonza?"

Pa tsiku lachitatu lopita ku ofesi, makina anakana zala zonse, ngakhale zija zinavomera kale. Mayi wa magalasi anangopukusa mutu. "Mwatani kodi, bambo? Tinali titayandikira." Anamupatsa tsiku lina lakutali.

Atatsika masitepe, munthu wina wovala jekete lowala anamutsatira. Ankakhalira pansi pa nyumbayo tsiku lililonse, ndipo anthu ankamutchula kuti Chidule.

"Bwana mkubwa, ndakuonani kangapo konse mukutsika ndi nkhope imeneyi. Zala eti? Musavutike. Lole imanyamuka mwezi uliwonse, simafunsa zala. Mukafika ntchito ndi mbwee, amisiri ngati inu amachita kulimbirana."

"Ndisiyeni."

"Nambala yanga nayi, mungaganize bwino."

Levulo sanailandire. Koma kunyumba analakwitsa n'kuitchula nkhaniyo, poganiza kuti mkazi wake amuyamikira. Mkaziyo anasomeka ulusi pa singano, kenako anati, "Ena amafika."

"Wati bwanji?"

"Ndati ena amafika. Si onse amasowa. Mwamuna wa mnzanga wa pasitolo adapita choncho, pano akumanga nyumba ya malata achikuda."

"Mng'ono wanga ali kuti?"

"Sindikudziwa, abambo. Ndipo sindikuti mupite. Ndangotopa. Mumandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha, maso ake ali kuti?"

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munachepa mawu. Mafuta ankadzipaka yekha. Mwana wawo anasiya kumufunsa mawu a chilankhulo chija, ndipo iye anasiya kupita ku kalasi ya Loweruka chifukwa onse amene adayamba nawo anali atanyamuka, m'kalasimo mutadzaza nkhope zachilendo.

Mlamu wake anabwera Lamlungu lina masana, atavala malaya oyera, chipewa chili m'manja. Sanayambe ndi nthabwala monga ankachitira. Anakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko n'kumayang'ana mchemwali wake.

"Lankhula," anatero mkazi wa Levulo. "Wabwera kudzaona makoma?"

"Alamu, a ku ofesi ya zantchito andiimbira. Akuti kampani ija yatopa kudikira. Akuti malo amodzi atseguka. Ine sindinapemphe, alamu. Mulungu akundiona. Ndinawafunsa kuti malowo ndi a ndani, iwo anangoti ndi a munthu yemwe mapepala ake sanakwane."

"Ndi anga," anatero Levulo.

"Ndikakane?"

Panja ana ankasewera mpira wa mapepala, ukumagunda chitseko. Levulo anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anayang'ana pansi, ndipo Levulo anaona kuti mtima wake wagawanika, mbali ina ukulira, mbali ina ukuthokoza kuti mwayiwo sunapite kwa mlendo.

"Ukakana apatsa wina," anatero Levulo. "Pita."

"Zikomo alamu. Koma pali china." Mlamuyo anapotokola chipewa chija. "Akufuna umboni wa mmisiri amene ndagwira naye ntchito. Asaine kuti ndakwanitsa zaka zisanu, ndipo ndimatha kuyendetsa ntchito ndekha popanda wondiyang'anira."

"Zaka zisanu sunakwanitse."

"Zatsala pang'ono."

"Ndipo wekha sungathe. Nyumba ya aphunzitsi ija ndi mboni."

"Ndaphunzirapo, alamu. Ndikakafika ndikalimbikira."

Levulo anaimirira n'kupita kuchipinda. Mkazi wake anamutsatira n'kutseka chitseko. Sanakalipe. Anakhala pamphepete pa bedi n'kulankhula motsitsa kuti mlongo wake asamve.

"Abambo, sindinakupempheni kanthu kokhota chikwatiranireni. Lero ndikupempha. Mkazi wake ali pafupi kuchira. Amayi akudwaladwala. Ife tomwe, mukuona mmene tilili. Akapita mmodzi, tonse tipumako."

"Ukundiuza kuti ndiname."

"Ndikukuuzani kuti musaine."

"Akakagwetsa khoma pa munthu kumeneko?"

"Kumeneko kuli akapitawo, akamuongola. Kuno kuli ndani wotiongola ife?"

Levulo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana khoma la chipindacho, lomwe linali lokhota chimangireni ndipo linkamunyansa tsiku lililonse. Kenako anatuluka, natenga cholembera m'chikwama cha sukulu cha mwana wake. Cholemberacho chinkaterera m'zala chifukwa cha mafuta. Anasaina. Mlamu wake anagwada pansi kuthokoza, koma Levulo anamuuza kuti adzuke, asadetse thalauza.

Zala za mlamu makina anazivomera ulendo woyamba womwewo. Ananyamuka mwezi usanathe. Banja lonse linamuperekeza ku depoti ya basi yopita ku bwalo la ndege, Levulo atanyamula chikwama chachikulu paphewa chifukwa panalibe mwamuna wina woti anyamule. Anthu ena a m'dera lawo atamuona ndi chikwamacho anakuwa, "Mwanyamuka a Sokosi? Mutikumbukire!" Iye anangokweza dzanja.

Ngakhale zinali choncho, tsiku lake lachinayi litafika anapitabe ku ofesi ya ma viza. Ankati mwina kampani ina ingafune munthu, ndipo ndi bwino zala zikhale zili m'makina. Anali atakhala miyezi yambiri osagwira kanthu, manja ake atasanduka ofewa ngati a kalaliki. Anaika zala zinayi pagalasi. Kanyali kobiriwira kanayaka. Anaika zinayi zinazo, kobiriwira. Zala zazikulu, kobiriwira.

Mayi wa magalasi anaomba m'manja kamodzi, mpaka mlonda anasuzumira. "Mwaona bambo! Ndinakuuzani kuti zimamera." Anatembenukira ku kompyuta akumwetulirabe. Anadina, nadikira, nadinanso. Kumwetulira kuja kunazilala.

"Fayilo yanu idatsekedwa. Kampani idachotsa dzina lanu, ndiye zalazi zilibe pozikhomera."

"Ndikudziwa, mayi. Ndimati zikhale zilipo, podikira gulu lachiwiri."

"Sizisungidwa popanda fayilo." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Za gulu lachiwiri mukafunse ku ofesi ya zantchito. Pepani bambo. Pepani ndithu."

Ku ofesi ya zantchito anadikira pabenchi mpaka mnyamata wa tayi anamuitana. Gulu lachiwiri linalipodi, ndipo kulembetsa kunali kutayamba. Mnyamatayo anatenga chitupa cha Levulo, nayang'ana chaka chobadwa, nachibweza.

"Ulendo uno asintha, bambo. Akufuna osapitirira zaka makumi anayi."

"Koma ine ndidakhoza kale mayeso. Iwo omwe adanena kuti ndinali kuti masiku onsewa."

"Zimenezo zinali za gulu loyamba."

"Palibe woti ndingalankhule naye? Bwana wamkulu?"

"Lamuloli si lathu, labwera ndi eni ake ntchito. Ngakhale bwana sangalisinthe." Mnyamatayo anali atayamba kale kuyang'ana munthu wotsatira. "Ngati muli ndi mwana wamwamuna wodziwa kumanga, mubwere naye."

Levulo anayenda wapansi mpaka kunyumba, ngakhale kunali kutali. Mkazi wake anali asanaweruke. Mwana wake anamupeza atakhala pakhonde, nafunsa kuti zayenda bwanji.

"Zala zavomera," anatero.

"Ndiye mukupita, adadi?"

"Ayi."

Mwanayo analowa m'nyumba mwakachetechete.

Kubwerera ku ntchito sikunali kophweka. Makasitomala ake akale anali atapeza amisiri ena. Mbiri ya nyumba ya mphunzitsi inali itafala mokhota, anthu akumati Levulo adakalamba, pulasitala wake akumagwa. Ena ankaganiza kuti adapita kale kunja, ndipo akakumana naye ankadabwa, "Mwabwerako liti? Akuthamangitsani?" Potsiriza analembedwa ndi kontilakita wina, mwana wamng'ono kwa iye, womanga mashopu mothamanga. Kumeneko khoma likapendama kapitawo ankati, "Pulasitala abisa, tiyeni." Tsiku loyamba manja ake anatuluka matuza ngati a munthu amene sanagwirepo fosholo, anyamata n'kumamuseka. Sanagumulenso khoma lililonse. Ankamanga mmene amuuzira, n'kuweruka.

Mlamu wake ankatumiza thandizo, kwa mkazi wake, kwa amayi ake, ndi kwa mchemwali wake. Mwana wa Levulo anapeza nsapato zatsopano. Mkazi wa Levulo anayambanso kuseka pang'ono, koma akamalankhula pa foni ndi mlongo wake ankatulukira panja, ndipo akabwera sankanena zomwe akambirana. Levulo naye sankafunsa.

Tsiku lina pa nthawi yopuma masana, ali chikhalire pa mulu wa njerwa, foni yake inalira. Inali ya kanema, yochokera kwa mlamu. Nkhope yake inaoneka itavala chisoti chachikasu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ankanong'ona.

"Alamu, ndithandizeni. Andipatsa khoma lozungulira, la pa masitepe. Ndapaka kawiri, kapitawo wakana kawiri. Akuti ndikalepheranso andibweza kwathu. Akuti mapepala anga akunena kuti ndimatha."

Levulo anatafuna chomwe chinali m'kamwa mwake pang'onopang'ono. Anaganiza zodula foniyo. Anaganizanso za khanda la mlamuyo, ndi za dzina lake lomwe lidasainidwa pansi pa umboni uja.

"Tembenuza foni ndione."

Chithunzi chinagwedezeka, kenako khoma linaoneka. Linali lalitali, lopindika bwino ngati chigubu, mkati mwa nyumba yaikulu ya mawindo ofika pansi. Njerwa zake zinali zofanana zonse, mchenga uli m'matumba oyera, zitsulo zokwerapo zili zonyezimira, zokhala ndi potsamira. Levulo anayandikitsa foni kumaso. Ntchito yotere ankailota chiyambire.

"Wapaka wochindikala kwambiri ulendo umodzi," anatero. "Pala yenseyo. Udule thabwa lopyapyala, ulipinde motsatira khomalo, likhale chokuyezera. Uike timizere ta matope kuchokera pamwamba mpaka pansi, motalikirana ngati mkono wako, udikire tigwire. Ukatero uzidzaza pakati pake. Usathamange. Wamva?"

"Pang'onopang'ono alamu, ndibwerezereni pa thabwa paja."

Anabwereza. Anamuuza kakokedwe kake, ndi nthawi yoyenera kusalaza, ndi mmene angadziwire ndi chala kuti matope afika pake. Ankalankhula akujambula m'malere ndi dzanja linalo, anyamata a pa saiti akumuyang'ana modabwa, chifukwa anali asanamumvepo akulankhula mawu ambiri chotero.

Mwadzidzidzi mlamu anati, "Kapitawo akubwera," ndipo chithunzi chinada. Anali ataponya foni m'thumba osaidula.

Levulo anakhalabe akumvetsera. Ankamva nsapato zikuponda pa konkire, makina ena akulira patali, ndi munthu wa mawu aakulu akulankhula chilankhulo chija. Anatolapo mawu awiri atatu omwe adaphunzira ku kalasi ya Loweruka. Limodzi linali loti "mawa", lina loti "samala". Anamva mlamu wake akuyankha movutikira, akulakwitsa mawu omwe iye akanawatchula bwino. Kenako kunamveka kukhwekhwereza kwa chitsulo pakhoma, mlamu atayamba kupala.

"A Sokosi!" anakuwa kapitawo wa pa mashopu paja. "Matope akuuma kuno. Mukuonera filimu?"

Levulo anadula foni, naiika m'thumba, n'kupita kukanyamula ndowa.